KAMBA WA KU PARISHI WAYENDANSO

Aliyense amene anapempherapo pa parishi yathu kuno ku cigawo ca Kum'mawa adziwa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa nyumba ya ansembe. Pansi pa mtengo umenewo panali galimoto yaing'ono ya msana wobulungira, Volkswagen Beetle, imene ana onse a kuno amaicha kamba. Inagona pamenepo zaka zoposa 20, matayala ataphwa, magalasi ali mbuu ndi fumbi. Nkhuku zinali kuikira mazira pa mpando wa kumbuyo, ndipo ana a katekisimu anali kulimbirana ciwongolero poyembekeza phunziro.

Lero galimoto ija iyenda. Talemba nkhani iyi cifukwa ambiri atifunsa m'mene tinacitira, ndipo tamva kuti m'mamishoni ena, m'mafamu ndi kuseri kwa magalaji muli akamba ena amene agona cimodzimodzi. Tifuna kuti amene aganiza zowadzutsa adziwe poyambira, ndiponso asagwe m'dzenje m'mene ife tinagwa.

Mkangano m'kabungwe

Nkhani inabuka pamene ogula zitsulo zakutha anafika pa parishi ndi sikelo yao. Pa msonkhano wa kabungwe, a msungacuma anati tigulitse, ndalamazo zithandize kugula malata a kachalichi kena ka kumudzi. Anali ndi mfundo, pakuti ndalama za mpingo ndi thukuta la alimi. Azimai a m'miphakati anakana. Anati galimoto ya Bambo Mfumu ikapita kumidzi yakutali, pa parishi sipatsala kanthu koma njinga, ndipo mai akayamba kudwala usiku timamunyamula pa ngolo ya ng'ombe. Acinyamata naonso anakana kugulitsa, koma cifukwa cao cinali cina. Iwo anaona m'mafoni zithunzi za akamba a kunja, opakidwa penti yowala, otsitsidwa mpaka mimba kukhudza pansi, ndipo anafuna wathu akhale wotero.

Pakati pathu pali mkulu wina amene pa unyamata wake anagwira nchito m'magalaji a ku Lusaka, nthawi imene magalimoto awa anali mbwee m'miseu. Iye anapempha tsiku limodzi cabe. M'mawa mwake anafika ndi sipanala ndi kacitsulo kosongoka. Anathira oilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, nazunguza injini ndi dzanja, ndipo inazungulira. Kenaka anagona cagada pa thumba, nayamba kubaya pansi pa galimoto malo ndi malo. Atadzuka anati: “Mafupa alipo. Koma ngati mufuna kuyamba ndi penti, ine musandiitane.” Kabungwe kanabvomera kuti tiyese, ndalama zicokere ku munda wa parishi, ndipo pa msonkhano uliwonse tizionetsa malisiti.

Kumene kamba anacokera

Tisanapitirire, ndi bwino awerengi adziwe galimoto imene tikunena. Dzina lakuti Volkswagen m'Cijeremani litanthauza galimoto ya anthu wamba. Anailinganiza ndi Ferdinand Porsche m'zaka za m'ma 1930, polamulidwa ndi boma la Adolf Hitler, ndipo fakitale yake anayamba kuimanga mu 1938 pa malo amene lero ndi mzinda wa Wolfsburg. Ciyambi cake si conyaditsa ai. Anthu wamba amene anasonkha ndalama sanalandire magalimoto ao, cifukwa nkhondo itayamba fakitale inatembenukira ku magalimoto a asilikali, ndipo ambiri ogwiramo nchito anali akaidi ndi anthu ogwidwa mwacikakamizo. Nkhondo itatha mu 1945, msilikali wa ku Britain, Major Ivan Hirst, ndiye anautsanso fakitale ija.

Kucokera pamenepo kamba anafalikira dziko lonse. Ku South Africa anayamba kumulumikiza mu 1951 m'tauni ya Uitenhage, imene tsopano ichedwa Kariega, mpaka mu 1979. Pa 17 February 1972 ciwerengero cake cinaposa ca Ford Model T. Womaliza anatuluka m'fakitale ya ku Puebla, m'dziko la Mexico, pa 30 July 2003, onse pamodzi atakwana 21,529,464. Kuno ku Africa anadziwika ndi kulimba m'miseu yoipa: pa mpikisano wa Safari, umene unali kudutsa m'matope ndi m'fumbi la Kenya, Uganda ndi Tanganyika, kamba anapambana mu 1954, mu 1957 ndi mu 1962.

Wathu ndi wa 1966, wa injini ya 1300, ndipo kacitsulo ka maina kalembedwa kuti anapangidwa ku Germany. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 tikumbuka kulira kwake: tikamva phokoso lija kutsidya kwa dambo, tinali kudziwa kuti lero kuli Misa. Zaka zimenezo zinali zobvuta. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mtengo wa kopa unagwa, ndipo masipeya anasowa m'dziko. Kamba anapirira cifukwa munthu wa sipanala zocepa ndi nzeru zake anali kutha kumukonza pansi pa mtengo. Cimene cinamugoneka ndi magalimoto ogwirapo kale nchito a ku Japan amene anadzaza dziko kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ofewa ndi osacita phokoso.

Moyo wake ndi mpweya

Amene afuna kudzutsa galimoto iyi amvetse cinthu cimodzi coyamba: ilibe madzi. Magalimoto ena aziziritsa injini ndi madzi a m'radiyeta, koma kamba aziziritsa ndi mpweya ndi oilo basi. Injini ili kumbuyo, tanki ya petulo kutsogolo. Masilinda ndi anai, ogona cam'mbali, awiri kumanja awiri kumanzere, ndipo ali ndi zipsepse zambiri zotayira kutentha. Pamwamba pao pali cibokosi ca malata, m'kati mwake muli fani. Fani imakoka mpweya wozizira kupyolera m'timipata tili pansi pa galasi la kumbuyo, niukankhira m'zipsepse zija, ndipo mpweya wotentha umatulukira pansi.

Kuti izi zitheke, malata onse ozinga injini ayenera kukhalapo, ngakhale tating'ono tobisika pansi pa masilinda. Pafunikanso mphira wozungulira injini yonse, wolekanitsa mpweya wozizira wa pamwamba ndi wotentha wa pansi. Alimi adzamva msanga tikanena za mfolo wothirira dimba: mfolo ukabooka panjira, madzi safika ku mbeu za kumapeto, ngakhale citsime cikhale codzaza. Mpweya wa injini iyi uyenda cimodzimodzi.

Fani imazungulira ndi lamba mmodzi, yemweyo amene azunguza jenereta. Motero nyale yofiira ikayaka patsogolo pa woyendetsa, musanene kuti ndi batire cabe, tifika. Imani pomwepo, muone lamba. Akaduka, fani yaima, ndipo injini itha kupsa m'mphindi zowerengeka. Nyale inzake, imene mwa wathu ndi yobiriwira, ndi ya oilo, nayonso siifuna kukambirana.

Tinayambira pansi

Mkulu uja anatipatsa ndondomeko, ndipo tiilemba pano monga tinaitsatira.

Coyamba, mapepala. Tinafufuza m'kabati ya parishi mpaka tinapeza white book, ndipo tinayerekeza manambala ake ndi amene ali pa galimoto. Nambala ya chesisi ili pansi pa mpando wa kumbuyo, ya injini ili pansi pa mwendo wa jenereta. Musaononge ngakhale ngwee imodzi pa galimoto imene mapepala ake sadziwika, cifukwa mudzakonza ya mwini. Ngati mudzasintha injini kapena mtundu wa penti, a RTSA ayenera kudziwitsidwa.

Caciwiri, dzimbiri. Thupi la kamba limamangidwa ndi mabauti pamwamba pa citsulo cathyathyathya cimene ndico pansi pa galimoto. Titamasula mabauti, amuna angapo ananyamula thupi naliika pa migolo. Pamenepo tinaona zimene penti inabisa. Pansi pa mpando wa kumbuyo, pamene pakhala batire, asidi anadya citsulo mpaka dzanja kulowa. M'munsi mwa zitseko muli ngalande ziwiri zacitsulo zimene zilimbitsa thupi lonse, ndipo imodzi inali itabooka. Wowocherera anadula zowola zonse naikapo citsulo catsopano. Ena amangomata mabowo otere ndi phala la mafilimu a magalimoto, napaka penti pamwamba. Ndico cija akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cacitatu, mabuleki, ciwongolero ndi matayala. Galimoto yosayenda siipha munthu, koma yoyenda yosatha kuima ndiyo ipha. Akamba akale ngati wathu ali ndi njira imodzi cabe ya mafuta a mabuleki, mwakuti paipi imodzi ikaphulika, mawilo onse anai ataya mabuleki nthawi imodzi. Tinasintha mapaipi onse, acitsulo ndi amphira, pamodzi ndi timasilinda ta m'mawilo. Matayala anali ndi mapazi abwino, koma mphira wa zaka zambiri ndi wong'aluka m'kati, tsono tinawapereka kwa osoka nkhwaila.

Cacinai, petulo ndi mawaya. Akamba ambiri sanafe ndi ukalamba koma ndi moto. Paipi ya petulo yakale ikang'aluka imadonthezera pa injini yotentha, ndipo kacubu kolowetsa petulo m'kabuleta nthawi zina kamazuka. Citsulo ca thupi la injini cili ndi magnesium, imene ikagwira moto madzi saizima. Tinatsuka tanki, tinaika mapaipi atsopano omangidwa ndi zomangira zake, ndipo kacubu kaja tinakamanga ndi waya. Batire tinaibvundikira bwino, cifukwa munthu wolemera akakhala kumbuyo masipuling'i a mpando atha kukhudza mitu ya batire ndi kuyatsa moto. Mawaya onse amene makoswe anatafuna tinawacotsa.

Cacisanu, injini. Imagwidwa ku giyabokosi ndi mabauti anai okha, ndipo anthu awiri ndi jeke atha kuitsitsa. Mkulu uja anaiphwasula pa tebulo la m'holo, zitsulo zonse ataziyala pa masaka mwa dongosolo. Ife amene tiphunzitsa Malembo tinakumbuka masomphenya a mneneri Ezekiele a cigwa ca mafupa ouma. Anaika mapisitoni ndi masilinda atsopano, mabeyaling'i, ndi mavaluvu onse otulutsa utsi. Masipeya ena tinawapeza ku Lusaka kwa ogulitsa zakale, ena tinaitanitsa ku South Africa kumene akali kupezeka. Cenjerani: zatsopano zochipa zambiri sizikwana bwino. Citsulo cakale ca fakitale cikakhala cabwino, citsukeni, musacitaye.

Penti inadza pothera peni peni, patapita zokolola ziwiri cibvomerezere kabungwe.

Dzenje limene tinagwamo

Tiyenera kuulula colakwa cathu, pakuti ndico cinatiphunzitsa koposa. Injini italowa m'malo mwake, mkulu uja anadwala nakhala milungu ingapo osabwera. Ife tinatopa kuyembekeza. Mphira wozungulira injini unali usanafike, ndipo timalata tiwiri tinali tikali pa tebulo cifukwa sitinadziwe malo ake. Panalinso mapaipi awiri onenepa otenga mpweya ku cibokosi ca fani kupita ku zofunditsira anthu m'kati. Tinati kuno kwathu mu Okutobala ndani afuna kufunditsidwa, ndipo tinawasiya, mabowo ali pululu.

Tinanyamuka masana dzuwa lili pa liwombo, anthu anai, kupita ku tauni kukaonetsa nchito yathu. Pa citunda coyamba galimoto inayamba kulefuka. Woyendetsa, poopa phokoso, sanatsitse giya. Posacedwa tinamva fungo la oilo wopsa ndi kugogoda kwacilendo, ndipo inazima. Kacitsulo kopimira oilo kanali kotentha kosagwirika. Tinabwerera titamangidwa cingwe ku thirakitala ya mlimi wina, anthu m'mbali mwa mseu akuseka. Mmodzi anafuula kuti kamba anyera amene wam'tola.

Mkulu uja atacira sanakalipe. Anangotsitsanso injini natiitana kuti tione. Mutu wa kumanzere unali utang'aluka pafupi ndi silinda yacitatu. Anatifotokozera kuti m'mainjini a zaka zimenezo, coziziritsa oilo cimakhala m'kati mwa cibokosi ca fani, pa njira ya mpweya wopita ku silinda yacitatu, motero silinda imeneyo imalandira mpweya wofunda kale ndipo ndiyo iyamba kubvutika. A fakitale anakonza bvuto limeneli ca m'ma 1971 posunthira coziziritsa cija kunja kwa cibokosi. Ife tinaonjezera bvuto pa bvuto: mpweya wa fani unali kuthawira m'mabowo aja, ndipo popanda mphira injini inali kumezanso mpweya wake wotentha wocokera pansi. Pokwera citunda ndi giya yaikulu, injini imazungulira pang'onopang'ono, fani nayonso pang'onopang'ono, pamene kutentha kuli pacimake.

Ndalama zogulira mutu wina zinali zimene tinasungira matayala. Kuima pamaso pa kabungwe ndi kufotokoza zimenezi kwa anthu amene analima munda wa parishi ndi makasu ao cinali cinthu ca manyazi, ndipo a msungacuma sanafunike kunena kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukongoletsa: maso a anthu kapena mseu wa kwanu?

Tsopano tifike pa nkhani ya acinyamata. Kusintha maonekedwe a kamba si cinthu cacilendo, ndipo si chimo. Ku California, m'dziko la America, anyamata a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anayamba kumutsitsa kutsogolo, kucotsa zonyezimira za m'mbali ndi kukulitsa injini kuti athamange pa tara wosalala. Ena a dera lomwelo anacita zosiyana: anadula mapiko, anakweza galimoto ndi kuika matayala akulu kuti ayende m'cipululu ca Baja, ndipo mtundu umenewo uchedwa Baja Bug. Onse awiri anasintha galimoto molingana ndi kumene inali kukayenda. Funso limene tinaika kwa acinyamata athu linali lomwelo: wathu adzayenda kuti?

Tinapita nao pa mseu wopita ku kachalichi kakutali kwambiri, titanyamula ndodo. Anapima okha mzere wa pakati umene ngolo ndi mathirakitala anasiya, ndi miyala ya pa kamtsinje. Nkhani yotsitsa galimoto inathera pomwepo. Ena anati tsono tiikweze kwambiri. Mkulu uja anakananso. Kumbuyo kwa akamba a zaka zimenezo, mukakweza mopitirira, mawilo amapindikira m'kati cakumunsi, ndipo pokhota mwaliwiro galimoto itha kugubuduzika. Tinangoibwezera pa msinkhu umene inatuluka nao m'fakitale, pakuti ukalamba unali utaigwetsa matako.

Zina zimene tinakana ndi izi. Malata a injini onyezimira ngati kalilole, cifukwa ambiri sakwana bwino ndipo akuda ndiwo ataya kutentha. Kasefa ka mpweya kakang'ono kokongola, cifukwa sefa ya fakitale, imene ili ndi oilo pansi wogwira fumbi, ndiyo iyenera miseu yathu, ndipo siigulidwa kawiri: mumangotsuka ndi kuthiramo oilo wina. Injini yaikulu ya makabuleta awiri, cifukwa mphamvu zambiri ndi kutentha kwambiri, petulo wambiri, ndi makanika amene kuno kulibe. Zokuzira mau zazikulu kuseri kwa mpando, cifukwa malo amenewo ndi a cikwama ca wodwala.

Koma tinasintha zina, ndipo sitidandaula. Magetsi ake anali a mavoti 6, nyale zofiira ngati koloboi ndi batire yosowa m'masitolo. Tinasinthira ku mavoti 12, zimene zinafuna jenereta ina, koilo, mababu ndi kamota ka zopukutira galasi. Tinaika mabuleki a njira ziwiri monga a akamba a zaka za pambuyo, kuti njira imodzi ikafa inzake itsale. Tinaika malamba a m'mipando ndi cozimira moto pafupi ndi woyendetsa. Mpando wa kutsogolo wa wokwera tinaukonza kuti uzicoka msanga, wodwala agone bwino. Pa denga tinaika kathandala, koma bukhu la galimotoyi lilola makilogalamu 50 okha pamenepo, ndilo thumba limodzi la fataleza. Anthu ndi katundu pamodzi asafike pa makilogalamu 400. Kamba si lole, ndipo si wonyamulira cimanga kupita ku depoti.

Penti tinasiyira acinyamata. Anasankha mtundu wa thambo, napala okha thupi lonse ndi sandipepa Loweruka lililonse, ndipo azimai osoka anaphimba mipando ndi citenje colimba. Anyamata awiri mwa iwo tsopano atha kupima mavaluvu ndi kuchera moto wa injini popanda wowayang'anira. Ife tiona kuti phindu limeneli liposa galimoto yeniyeniyo.

Kasamalidwe

Malamulo awa tinawamata kuseri kwa citseko ca injini. Oilo ndi malita awiri ndi theka cabe, ndipo injini iyi ilibe sefa yeniyeni ya oilo koma kansefa ka waya pansi pake. Motero oilo asinthidwe pa makilomita 5,000 alionse, ndipo m'fumbi la kuno msanga kuposa apo. Nthawi yomweyo mavaluvu apimidwe injini ili yozizira, m'mawa isanalizidwe. Mpata wake pa mainjini ambiri ndi mamilimita 0.15. Valuvu yothina siikhala bwino pa mpando wake, imapsa, ndipo ikaduka imaononga pisitoni. Lamba wa fani akadinikizidwa ndi cala pakati atsike ngati sentimita imodzi ndi theka, ndipo lamba wina wapadera akhale m'galimoto masiku onse pamodzi ndi sipanala yake. Mukayenda m'udzu wautali, yang'anani kuti mapesi, masamba kapena pepala la pulasitiki sizinalowe m'fani. Pa zitunda zazitali, monga za Manenekera pa mseu wa Great East, tsitsani giya, injini iimbe.

Alimi amene mulibe kamba musaganize kuti nkhani iyi si yanu. Njinga zamoto zambiri, timainjini topopera madzi m'madimba ndi majenereta ang'onoang'ono naonso aziziritsidwa ndi mpweya. Taona ambiri atacotsa cibvundikiro ca fani cifukwa bauti imodzi inataika, ena atatsekera jenereta m'kanyumba kopanda mazenera poopa akuba. Zipsepse zodzala matope ndi oilo wakuda wa caka catha zapha mainjini ambiri kuposa ukalamba.

Si kamba aliyense ayenera kudzutsidwa

Tinene zoona. Ngati ngalande za m'munsi mwa zitseko zonse ziwiri zawola, pansi pabooka ponseponse, injini yagwirana ndipo mapepala palibe, gulitsani kwa amene afuna masipeya, mugule ng'ombe. Ngati kwanu kulibe munthu wodziwa injini imeneyi kapena wofuna kuiphunzira, musayambe. Ndiponso galimoto ya 1966, ngakhale ikonzedwe bwanji, siiteteza anthu pa ngozi monga za masiku ano: tanki ya petulo ili patsogolo pa maondo anu ndipo zitsulo zake n'zopyapyala. N'cifukwa cake kabungwe kanalamula kuti wathu aziyenda maulendo a m'parishi ndi a ku cipatala okha, ndi oyendetsa atatu odziwika a malaisensi, ndipo ulendo uliwonse ulembedwe m'bukhu. Anapimidwa ndi a RTSA, msonkho wa mseu ndi inshuwalansi zinalipiridwa, monga galimoto ina iliyonse.

Kodi a msungacuma analakwa pofuna kugulitsa? Sitinganene tero. Kachalichi kaja kanayembekeza malata caka cina cathunthu cifukwa ca galimoto iyi, ndipo Akristu a kumeneko anapemphera mvula ikuwadonthera. Ngongole imeneyo tiidziwa.

Bambo Mfumu anadalitsa galimoto pa Sondo pambuyo pa Misa yaciwiri, ndipo madzi odalitsa ndiwo madzi okha amene kamba analandira. Patapita masiku ocepa, pakati pa usiku, mnyamata wina anagogoda pa citseko cathu: mlongo wake anali atabvutika kuyambira madzulo ndipo a pa kiliniki anati apite ku cipatala cacikulu. Mvula inali itagwa, ndipo pa dambo panali matope. Popeza kulemera kwa injini kuli pa mawilo a kumbuyo amene akankha, kamba anaoloka osatitimira. Mwana anabadwa kusanace, ndipo anabatizidwa pa Pasaka.

Mkulu uja maso ayamba kucita cidima, ndipo wanena kuti afuna kusiya nzeru zake m'manja mwa ana asanapite. Loweruka loyamba la mwezi, pambuyo pa Misa ya m'mawa, amakhala pansi pa mtengo wa mango uja ndi masipanala ake. Amene muli ndi injini ya mpweya yobvuta, kaya ya galimoto, ya njinga kapena ya pampu, bwerani nayo, ndipo mubwere ndi mwana wanu kuti adzaone.